Mfuti Yotchipa: Ndalama Anaichotsa Pati?

Ntchito yanga ndi yokonza mfuti za alenje, ndipo ndiyambe ndi kuvomera chimene amisiri anzanga ambiri safuna kuchimva: mfuti zotsika mtengo za masiku ano zimalasa bwino, nthawi zina kuposa zambiri zimene makolo athu pa ntchitoyi ankazitamandira. Ndikunena mfuti za bolt, zija chotsekera chake umachikweza ndi dzanja, n'kuchikokera m'mbuyo kuti khoko la chipolopolo lituluke, kenako n'kuchikankha ndi kuchitsitsa ngati mpiringidzo wa chitseko. Mayina ake alenje amawadziwa: Savage Axis, Ruger American ndi Mossberg Patriot za ku America, Howa 1500 ya ku Japan, komanso Tikka T3x ya ku Finland, imene mtengo wake uli pamwambako pang'ono. Kuvomera kumeneku kumandichotsera nsima pakamwa, pakuti mfuti yobwera yolasa kale kuchokera ku fakitale sifuna manja anga. Komabe ndikana onse awiri, wonyoza amene amati chotchipa chilichonse ndi chinyalala, ndi wotsatsa malonda amene amati mfuti yotchipa ndi yodula n'chimodzimodzi. Mtengo pawokha sunena kanthu. Fakitale ikatsitsa mtengo ndiye kuti pali pamene yachotsapo ndalama, ndipo mfuti ili ndi malo ena oti ukachotsapo ndalama nyama sidziwa, ndi ena oti ukachotsapo mwini wake adzalira patapita zaka. Kudziwa kusiyanitsa malo awiriwa ndiwo umisiri wonse pa nkhaniyi.

Chimene chinkadulitsa mfuti kale sichinali chitsulo ayi, anali maola a munthu. Mfuti ya Paul Mauser ya 1898, imene pafupifupi mfuti zonse za bolt zinatengerako, thupi lake linkasulidwa kenako n'kusemedwa kambirimbiri pa makina osiyanasiyana, pena pafulati, pena pokhota, ndipo pomaliza mmisiri ankalipala ndi tupa kuti zonse zigwirane. Nkhondo yachiwiri itatha, kampani ya Remington inaona kuti njira imeneyi siingapikisane pa msika. Mu 1948 inatulutsa Model 721, ndipo mu 1962 Model 700, zimene thupi lake ndi chitsulo chobulungira ngati paipi, chosavuta kuchizunguza pa makina. Savage inapita patsogolo mu 1958 ndi Model 110, imene Nicholas Brewer anaikonza, ndipo nambala yakeyo inachokera pa mtengo wake woyamba wa madola pafupifupi 110. Nzeru ya Brewer inali nati imodzi. Pakati pa nkhope ya bolt ndi pamene chipolopolo chimatsamira mkati mwa mpope pamayenera kukhala mpata woyezeka bwino, pa chipolopolo cha .308 Winchester kusiyana kwa geji yovomereza ndi geji yokana ndi pafupifupi mamilimita 0.1, kungoposa pang'ono kunenepa kwa tsitsi. Mwa njira yakale mmisiri amasema phewa la mpope pang'onopang'ono, kuyesa, kusemanso, mpaka mpatawo utakwana. Mwa njira ya Brewer wantchito amalowetsa geji, kupotokola mpope mpaka utakhudza, n'kumanga nati. Ntchito ya ola lathunthu imatha m'mphindi zochepa, ndipo mpatawo umatuluka wolondola mfuti ndi mfuti. Natiyo ndi yosakongola, sindikana, koma apa kutchipa ndi kulondola zinabadwa tsiku limodzi.

Zimene zabwera pambuyo pake zangotsata mkwaso womwewo. Makina oyendetsedwa ndi kompyuta amasema thupi la mfuti ataligwira kamodzi kokha, choncho mabowo ndi nkhope zonse zimayang'anizana mowongoka, pomwe kale kusamutsa chitsulo kuchoka pa makina ena kupita pa ena kunkalowetsa timaphophonyo tating'onoting'ono. Mizere yopotana ya mkati mwa mpope, imene imazunguza chipolopolo kuti chiyende mowongoka, kale inkadulidwa umodziumodzi. Lero Ruger ndi Tikka amasula mpope ndi nyundo za makina mozungulira chitsulo cholimba chokhala ndi chithunzi cha mizereyo, pamene Savage amadutsitsa kabatani kolimba mumpopemo. Makinawo ndi okwera mtengo koopsa, koma akagulidwa amatulutsa mipope yofanana zikwi ndi zikwi. Mpope amausiya wosakhudza chogwirira kutsogoloku kuti uzinjenjemera mofanana pa kuwomba kulikonse. Ruger American, imene inatuluka mu 2012 pa mtengo wosafika madola 500, imakhazika thupi lake pa tizitsulo tiwiri tooneka ngati V tomwe tili m'chogwirira; ntchito yoyala thupi la mfuti bwinobwino, imene ife timaichita ndi guluu wolimba kwa masiku awiri, iwo anaimalizira pa pepala la mapulani. Thiriga nayo inasintha kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 pamene Savage inabweretsa AccuTrigger, yokhala ndi kalilime pakati koletsa mfuti kulira ngati chala sichinakapanikize. Kalilimeko kanalola fakitale kugulitsa thiriga yofewa popanda kuopa milandu, ndipo makampani ena anatengera.

Wotsutsa woyamba amafunsa za moyo wake, ndipo ali ndi ufulu: kodi chitsulo chotchipa sichingandiphulikire kumaso? Funsoli n'lomveka kwa aliyense amene anakulira kumene mfuti za gogodera zosulidwa kumudzi zadula anthu zala. Koma pano mpamene fakitale yodziwika siyerekeza kuchotsapo ndalama. Chipolopolo cha .308 chikalira, mphamvu ya mpweya mkati imatha kufika ma bar oposa 4,000, ndipo chimene chimaigwira ndi mpope, mano a bolt ndi pamene manowo amaluma. Zitsulo za malo amenewa ndi za mtundu womwewo wa chrome-moly kapena stainless umene uli pa mfuti zodula, zowotchedwa ndi kuziziritsidwa mwa muyezo umodzi. M'mayiko a bungwe la CIP, monga Finland, Germany, Czech Republic ndi Britain, lamulo limati mfuti iliyonse iyesedwe ndi zipolopolo zamphamvu kuposa zanthawi zonse isanagulitsidwe, ndipo imadindidwa chidindo. Ku America miyezo ya bungwe la SAAMI ndi yongodzipereka, koma kampani yogulitsa mfuti mazana a zikwi singapirire milandu ya mfuti zophulika. Mfuti zimene zimaphulika, chifukwa chake kawirikawiri chimakhala dothi kapena chisa cha mavu mumpope, chipolopolo cha mtundu wina cholowetsedwa molakwika, kapena onga wopyola muyezo kwa amene amadzipakirira okha zipolopolo. Zimenezi sizifunsa mtengo wa mfuti. Ndipo mbiri ikutikumbutsa kuti dandaulo lalikulu la chitetezo m'zaka zapitazi, lija la thiriga limene linafika kukhoti ku America, linali pa Model 700, mfuti imene palibe ankaitcha yotchipa.

Wachiwiri amati kulasa kwake n'kongotamandidwa m'magazini. Apa tiwerengere. Muyezo umene makampani amalonjeza, MOA imodzi, ndi zipolopolo kugwera m'bwalo la masentimita pafupifupi 3 pa mtunda wa mamita 100. Tikka imalonjeza zimenezi, Weatherby nayo imalonjeza pa Vanguard, imene imapangidwa ndi Howa. Ndinene pambali kuti lonjezoli ndi la zipolopolo zitatu zokha, ndipo zitatu zimanamiza. Mfuti yomweyo ukaiwombera khumi bwalo limakula, nthawi zina kuwirikiza. Tiyeni tsono tiichitire nkhanza mfuti yotchipayo, tinene kuti imamwaza masentimita 6 pa mamita 100. Pa mamita 200 ndi masentimita 12. Malo a mtima ndi mapapo a nswala ndi aakulu ngati mbale yodyera ndiwo, masentimita 15 kapena kuposerapo, ndipo a ngoma ndi okulirapo kwambiri. M'tchire lothithikana nyama zambiri zimagwa pa mtunda wosafika mamita 150. Ndiye kuti ngakhale mfuti imene taichepetsa dala ili ndi malo otsala. Chimene chimaphonyetsa ndi china: mlenje wopuma wefuwefu atatsamiritsa mfuti pa ndodo, mphepo, ndi kulakwitsa mtunda, pakuti .308 yolunjikitsidwa pa mamita 100 imagwa masentimita oposa 40 ikafika pa 300. Kusiyana kwa mfuti ya madola 500 ndi ya madola 3,000 pa chandamale kungakhale sentimita imodzi kapena awiri. Kugwedezeka kwa manja a munthu woimirira n'koposa pamenepo kangapo. Mpope wopyapyala wa mfuti zimenezi ukatentha umayamba kumwaza, n'zoona, koma nyama siidikira chipolopolo chachisanu.

Nanga ndalamayo inachotsedwa pati? Poyamba pa chogwirira. M'malo mwa mtengo wa walnut wouma bwino, wosemedwa ndi kupakidwa mafuta, pali pulasitiki yothiridwa m'chikombole, yamphako mkati. Pulasitiki ili ndi ubwino wake woti sifufuma m'dzinja kapena kupindika m'chilimwe monga mtengo umachitira, ndipo kwa osaka kumadera achinyezi umenewu si ubwino wochepa. Vuto n'lakuti pa mfuti zotchipitsitsa kutsogolo kwake n'kofewa moti ukafinya ndi dzanja kumakhudza mpope. Mlenje akamanga lamba mwamphamvu pamkono, kapena akatsamiritsa mfuti mopanikiza, mpope uja amati sukhudza kanthu wayamba kukhudza, ndipo chipolopolo chimapita kwina. Mwini wake amadzudzula mpope pomwe wolakwa ndi pulasitiki, ndipo kupala mpatawo kuti ukule ndi kulimbitsa mkatimo ndi ntchito yaing'ono. Chogwirira chopepuka chimatanthauzanso mfuti yosafika makilogalamu atatu, yokoma kuinyamula tsiku lonse koma yomenya phewa ikakhala ya .30-06, ndipo munthu woopa kumenyedwa amatsinzina asanakhethemule. Chachiwiri ndi magazini, kabokosi kosungira zipolopolo. Ambiri ndi apulasitiki, okhala ndi kokowera kakang'ono kapulasitikinso, ndipo pa madandaulo a kusadalirika amene amafika pa tebulo la wokonza mfuti, ochuluka amachokera pomwepa: magazini sinakhale bwino, milomo yake yatha, bolt yadutsa pamwamba pa chipolopolo osachitenga. Chachitatu ndi khungu la chitsulo. Kupukuta chitsulo mpaka kuwala musanachidetse kumadya maola, choncho fakitale imangochiwaza mchenga n'kuchidetsa mopyapyala. Khungu lokhakhala lotero limasunga chinyezi ndi thukuta, ndipo dzimbiri silichedwa. Chachinayi, chimene sichioneka ndi maso, ndi kuyendera. Pa mfuti yodula pali munthu amene amaigwira, kuiyesa ndi kuibweza ikalakwika. Pa yotchipa woyendera womaliza ndi wogula. Zambiri zimatuluka bwino, koma ina imafika ndi sikuluu yosamanga, kamwa la mpope lokalika, kapena mkati mwa chipinda cha chipolopolo mokhakhala moti khoko limakakamira.

Pali mtsutso wina wakale umene alenje a ku Africa amaukonda kwambiri, wa momwe bolt imagwirira chipolopolo. Mauser ili ndi chikhadabo chachitali chimene chimagwira khoko likangotuluka m'magazini ndipo sichilisiya mpaka litatayidwa. Mfuti zotchipa pafupifupi zonse zimangokankha chipolopolo kutsogolo, ndipo kachikhadabo kakang'ono kamalumphira pa khoko pomwe bolt ikutsekeka. Winchester itasiya chikhadabo chachitali pa Model 70 mu 1964 pofuna kuchepetsa ndalama zopangira, alenje anakwiya kwambiri, mlembi Jack O'Connor ali mmodzi wa odandaula, moti mpaka lero za chaka chimenecho chisanafike zimagulidwa modula, ndipo kampaniyo inadzabwezeretsa chikhadabocho m'ma 1990. Ine ndimati mbali zonse zili ndi zoona, koma pa nyama zosiyana. Munthu akachita mantha n'kukoka bolt mosafikitsa, mfuti yokankha ingayese kulowetsa zipolopolo ziwiri n'kutsamwa. Pamaso pa njati yovulala m'chigwa cha Luangwa kapena cha Zambezi, kutsamwa kumeneko ndi maliro. Kumeneko sindingatume munthu ndi magazini apulasitiki, ndipo nkhaniyo imadzithetsa yokha chifukwa malamulo a mayiko angapo amafuna chipolopolo chachikulu, kawirikawiri cha msinkhu wa .375 H&H ya 1912, chimene mfuti zambiri zotchipazi sizipangidwira n'komwe. Koma kwa wosaka nswala, njiri kapena mbawala, kutsamwa kamodzi pa zaka zingapo ndi ndiwo yothawa basi. Asilikali olasa patali a ku America agwiritsa ntchito mfuti zomangidwa pa Model 700, yokankhayo, kwa zaka zambirimbiri m'fumbi ndi m'matope.

Mtsutso umene ndimaulemekeza kuposa yonse ndi wa zaka. Mfuti yabwino imapyola mwini wake, ndipo funso ndi loti kodi yotchipa idzatheka kukonzedwa mwana akadzailandira. Mpope si vuto: wa .308 umapirira zipolopolo zikwi zingapo, ndipo amene amawombera mabokosi awiri pa chaka, zipolopolo 40, sadzauona ukutha. Vuto ndi tizigawo tating'ono. Chigawo chachitsulo chikathyoka ndingathe kusema china. Chapulasitiki chothiridwa m'chikombole sindingachipange, ndipo fakitale ikasiya mtunduwo mfuti yonse imagona chifukwa cha kokowera kosakwana chala. Chitsanzo chodziwika ndi Remington 710 ya 2001, imene mpope wake unapanikizidwa m'thupi m'malo mopotokolera, ndipo bolt inkayenda mu pulasitiki. Inkalasa ndithu, koma sinapangidwe kuti wina adzaisinthe mpope, ndipo kampaniyo nayonso inagwa m'ngongole mu 2018 ndi 2020. Apa mpamene malo amene munthu ali amasintha chiwerengero chonse. Mfuti zimenezi zinapangidwira msika wa America, kumene yotopa imalowedwa m'malo ndi ina mosavuta ndipo magazini yatsopano imafika m'masiku ochepa. Ku South Africa, pansi pa lamulo la mfuti la chaka cha 2000, mfuti iliyonse imafuna laisensi yakeyake, mwini wake ayambe wapeza chikalata chosonyeza kuti ndi woyenera, mlenje wa apo ndi apo saloledwa kupyola mfuti zinayi, ndipo mpope pawokha lamulo limauwerenga ngati mfuti. Kudikira n'kwa miyezi. M'mayiko oyandikana nawo chilolezo cha apolisi n'chofunikanso, ndipo zigawo zochokera kunja zimafuna mapepala kumbali zonse ziwiri. Kumene mfuti siisinthidwa ngati malaya, yotchipa yoyenera ndi yokhayo imene mpope wake ndi wopotokolera, mtundu wake wakhala pa msika zaka zambiri, ndipo makampani ena amaipangira zogwirira, mathiriga ndi magazini. Howa 1500, Tikka ndi banja la Savage 110 zimakhoza mayeso amenewa. N'chifukwa chake kwa wogula wa kuno ndimakankhira pa yotchipa yapakati, osati yotchipitsitsa.

Ena amati bwanji osangogula yakale yabwino pa ndalama yomweyo? Kum'mwera kwa Africa kuno kuli chuma cha mfuti zotere: Brno ZKK za ku Czechoslovakia, Musgrave za ku South Africa, ma Mauser a 7x57 ndi 9.3x62, ndi Lee-Enfield za .303 zotsala ku nkhondo zimene zadyetsa mabanja osawerengeka. Zonse ndi chitsulo ndi mtengo, zonse zimakonzeka, ndipo mtima wanga uli komweko. Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mfuti ya zaka 60 ingawale kunja pomwe mpope unadyedwa ndi dzimbiri la zipolopolo zakale za asilikali, zimene zinkasiya mchere mumpope ngati sunatsukidwe ndi madzi. Khosi la mpope lingakhale lopsa, mpata uja wa geji utakula, mtengo utang'ambika kuseri kwa thupi, ndipo zambiri za usilikali zilibe mabowo omangira galasi lolunjikira, kapena zinaboledwa mokhota ndi wina wa changu. Kuika mpope watsopano, kupinda chogwirira cha bolt kuti chisagunde galasi, kusintha loko ndi thiriga, zonse pamodzi zimapyola mtengo wa mfuti yatsopano. Wodziwa kuyang'ana mumpope, kapena amene ali ndi mmisiri womukhulupirira, agule yakale ndipo sadzadandaula. Wongoyamba kumene, yatsopano yotchipa imamupatsa chimene yakale singalonjeze: mpope wosawomberedwa ndi chitsimikizo cha fakitale.

Ndalama yotsalayo ili ndi kopita. Mfuti zambiri zotchipa zimagulitsidwa pamodzi ndi galasi lomangiratu, ndipo pamenepa mpamene fakitale inafinya kwambiri: galasi lotero limachita nkhungu mkati, limada msanga kukamalowa dzuwa pomwe nyama zimatuluka, ndipo mtanda wake umasuntha mfuti ikagwedezeka m'galimoto. Mfuti zochuluka zimene zimabwera ndi mlandu woti zasiya kulasa, wolakwa amapezeka kuti ndi galasi kapena mphete zake. Galasi labwino ndi mphete zolimba zingadye ndalama yofanana ndi mfutiyo, ndipo n'zoyenera. Mtundu wa chipolopolo usankhidwe poyang'ana shelefu ya sitolo yapafupi, osati zolembedwa m'magazini owerenga; 6.5 Creedmoor ya 2007 ndi yabwino, koma .308, .30-06, .270 ndi .243 ndizo zimapezeka ngakhale kutali ndi mizinda. Mpope uliwonse uli ndi chipolopolo chimene umakonda, choncho mitundu itatu kapena inayi iyesedwe pa chandamale, ndipo yopambanayo igulidwe yambiri. Mfuti yatsopano yotere ikafika pa tebulo langa isanapite kutchire, ntchito yake ndi yochepa. Ndimaichotsa m'chogwirira, kutsuka mafuta a fakitale, kuyang'ana kamwa la mpope ndi galasi lokulitsa, kumanga masikuluu awiri a thupi pa mphamvu imene fakitale inalemba, ndi kudutsitsa kapepala pansi pa mpope ndikufinya chogwirira kuti ndione ngati kakodwa. Kenako ndimadzaza magazini ndi zipolopolo zopanda onga n'kuyendetsa bolt mofulumira ndi mwaulesi, mfuti itaweramitsidwa ndiponso itapendekeka, ndipo ndimauza mwini wake kuti aitanitse magazini yachiwiri tsopano, mtunduwo udakali pa msika.